Nambala ya mayunitsi yagawika, Ababa

Ababa, lero ndagula mayunitsi a magetsi, ndiye ndakukumbukani. Lamulungu lina ku Machinjiri munandilanda kapepala ka mayunitsi, ayironi itazizira, ine ndikuchedwa kutchalitchi. Uphunzitsi wa masamu sunakuchokeni. Munati, "Dikira mwanawe, chinambala chachitali chonchi tichione kaye ngati chingagawike ndi 9." Munawonkhetsa manambala onse makumi awiri, n'kupeza 81, n'kuwomba m'manja: "Chikugawika, popanda chotsala!" Ine ndinanyamuka ndili chilusire, diresi ili makwinyamakwinya.

Lero ndisanalowetse m'mita ndawonkhetsa ndekha monga munkachitira. Yakwana 90, Ababa, ikugawika! Ndatembenuka kuti ndikuuzeni, koma pampando panu paja palibe munthu. Pumani bwino, magetsi ayaka.