Amplifaya imene inawaneneza abambo

Ndikukumbukira fungo lake, fungo la fumbi lopserera pang'ono. Ndi mmene inkanunkhira amplifaya, chimkuzamawu cha abambo, ikatentha, kwathu kuseri kwa msika wa Mitundu. Anabwera nayo kuchokera ku Halale ine ndisanabadwe. Chinali chibokosi cholemera ngati thumba la chimanga, ndipo kumbuyo kwake kunali mababu oyaka mofiirira amene iwo ankawatcha mavalavu. Ukwati, chinkhoswe, mpikisano wa makwaya, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje anthu ankabwereka iyoyo pamodzi ndi mwini wake. Mawu a amplifayayo anali onenepa. Ngakhale mlaliki wa mawu osasa ankamveka ngati munthu wodya bwino.

Koma inali ndi khalidwe lake. Ukaiyatsa sinkalankhula nthawi yomweyo, inkadikira kuti mababu atenthe kaye. Pa kanthawi kameneko abambo, maikolofoni ili kale pakamwa, ankang'ung'udza zonse za kumtima podziwa kuti masipika ali duu. Kwaya iyi ikuimba ngati mbuzi zomangidwa, mkwati uyu suti wabwereka, zoterozo. Chibokosi chikayamba kung'ung'uza, ankakhosomola n'kupereka moni waulemu ngati si iwo. Ife ana tinkakhala pafupi dala. Abambo pakhomo sankalankhulalankhula, anakulira nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanatsegule pakamwa. Zimene ankaganiza za mpingo, za dziko, za ifeyo, tinkazimvera pamenepo. Ine ndinadziwira pomwepo kuti anasangalala nditakhoza sitandade sikisi, chifukwa pamaso panga anangoti ndikatunge madzi.

Ndiye kunabwera matipate. Misonkhano paliponse, aliyense akufuna phokoso loposa la mnzake. Wamalonda wina wa mu Lilongwe anawauza abambo kuti amplifaya yawo ija yapangidwanso mwatsopano, nkhope yomweyo, mabatani omwewo, koma yopepuka ndi yamphamvu. Anati asiye yakaleyo, awonjezere ndalama pang'ono, atenge yatsopano. Amayi anakana mpaka kuuma pakhosi. Koma abambo anga akaganiza chinthu, ngakhale mutaitana abusa sankasintha. Anakweza yakaleyo pa minibasi, madzulo n'kubwera ndi inzake yonyezimira, atainyamula ndi dzanja limodzi.

Kutsogolo inalidi yomweyo. Nditasuzumira kumbuyo, munalibe babu ngakhale limodzi, munali kathabwa kobiriwira basi. Ataika kaseti, nyimbo inatuluka yokwera koma youma, yolasa m'makutu. Amayi anangoti ikulira ngati chidebe. Abambo anati makutu athu ndi achikale. Maikolofoni sanaiyese, ndipo chimenecho chimandipwetekabe mpaka lero.

Patapita masiku ochepa kunali chinkhoswe cha mkulu wanga Felista. Mnyamata wake, a Lameki, anali wa ku Nathenje, wofatsa, wolima fodya ndi makolo ake. Kwathu kuno nkhani ya ukwati ndi ya atsibweni, bambo wobereka sayankhapo kanthu. Choncho atsibweni anakhala kutsogolo ndi ankhoswe a kuchimuna, pamene abambo anawasiya pambali ndi jenereta ndi zingwe zawo. Mwana ndi wawo koma palibe anawafunsa maganizo, ndipo zinkawadya.

Anthu anadzaza bwalo lonse, nkhuku zosinthana zili kale m'madengu. Abambo anatenga maikolofoni, anadina batani, n'kuyamba mwambo wawo uja.

"Anthu a ku Nathenje awa atsata mpunga, osati ukwati. Mnyamata wakenso ngakhale njinga alibe. Mwana wanga akadwala adzamubereka kumsana?"

Mawu onse anatuluka m'masipika, omveka bwino kuposa chilichonse chimene amplifaya yakale inanenapo. Anafika mpaka kuchigayo. Abambo anayang'ana chibokosi chija, akudikirabe kuti chitenthe.

Amayi ake a Lameki anaimirira, anamanga chitenje, gulu lonse la ku Nathenje n'kuwatsatira, madengu a nkhuku ali pamutu. Felista anathawira m'nyumba akulira. Atsibweni anathamangira alendo mpaka kumsewu akuwomba m'manja, koma anabwerako okha. Ine ndinakwiya kwambiri, moti ndinalakalaka kuiponya m'chitsime amplifaya ija. Mkulu wanga anali atadikira tsikuli chaka chonse, ndipo ukwati wake unali kutha chifukwa cha chibokosi chosadziwa kudikira ndi bambo wosamva za anzake.

Felista anakhala masiku osadya bwino, osatuluka panja. Amayi anasiya kuwalankhula abambo, zonse zinkadzera mwa ine. Pamapeto pake atsibweni anawatenga abambo, aliyense pa njinga yake, ulendo wa ku Nathenje kukapepesa. Atsibweni ndi amene anadzatifotokozera. Akuti abambo anagwada, anthu anakambirana nthawi yaitali, kenako nkhoswe ya kuchimuna inalankhula mofatsa.

"Bambo, ife tamva nkhawa yanu ndipo ndi yoona. Mnyamatayu njinga alibe. Ndiye poti inu mwabwera nayo, isiyeni."

Abambo anabwerera pa kaliyala ya atsibweni, miyendo ili lendelende, akudutsa pamsika anthu onse akuona. Chinkhoswe chinachitikanso mwezi wotsatira, popanda chimkuzamawu. Amplifaya yatsopano ija sinathe ndi chaka chomwe. Inapsa pa msonkhano wina wa ndale, ndipo wokonza mawailesi anati mkati mwake mulibe choti n'kugwira. Abambo atapita kukafunsa yakale ija, anapeza itagulidwa kalekale.

Masiku ano mwana wanga amandionetsa pa foni kuti zamavalavu zakalezo anthu akunja amazisaka ngati golide, ndipo mafakitale akupanganso zofanana nazo, anthu n'kumakangana kuti yomveka bwino ndi iti. Ine ndimangoti andisiye, mkangano umenewo unandikwana ndili mwana. Felista ndi a Lameki ali limodzi mpaka pano, ali ndi zidzukulu, ndipo nkhaniyi amaiseka. Ine ndimaseka nawo, koma pang'ono. Tsopano aliyense ali ndi foni yotumiza mawu asanawaganize n'komwe, ndipo anthu akulankhula usana ndi usiku. Abambo anga kuyambira tsiku lija sanang'ung'udzenso. Anakhala nafe zaka zina zambiri, akupereka moni waulemu, ndipo ndinakwatiwa ine osadziwa ngati abambo anamukonda mwamuna wangayo kapena ayi.