Tsiku Lowerenga Manda Athu

Ukhansala sindinaufune ine. Anandikankhiramo anthu akwathu ku Kapichi chifukwa ndinali telala wodziwako Chingelezi, komanso chifukwa pakamwa panga sipankachedwa kutseguka. Ankati munthu wokalipira makasitomala ake omwe sangaope mzungu. Zinali zaka za Chitaganya, khonsolo ya boma la Thyolo itangoyamba kumene, ndipo tsiku la msonkhano ndinkapalasa njinga m'mamawa kudutsa m'minda ya tiyi ndikudzimva kuti ndine munthu.

Zambiri zimene tinkakambirana kumeneko zinali zogwetsa ulesi. Zimbudzi za pamsika, agalu achiwewe, mlatho wa mitengo umene unkakokoloka dzinja lililonse. Ife makhansala tinkakhala pa mabenchi, bwana Disi, mzungu wolamulira boma lathu, pampando kutsogolo, womasulira ataima pambali pake. Pa zonsezo nkhani imodzi yokha ndiyo inandidya mtima.

Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi n'kudzakhala pamalo a esiteti, n'kumalipira malowo ndi thangata, kugwira ntchito ya mzungu miyezi ingapo pachaka. Kenako esiteti inafuna chitunda chimene panali mudzi wathu, ndipo anatisamutsira kutsidya kwa mtsinje. Nyumba zinagwetsedwa, minda inasanduka mizere ya tiyi. Pamwamba pa chitundacho panatsala kankhalango ka manda athu. Mmenemo munagona bambo anga, amalume anga awiri, ndi mwana wanga wamkazi woyamba, amene chikuku chinamutenga ali ndi zaka zitatu. Iyeyu anali mmodzi wa omalizira kuikidwa mmenemo tisanasamuke.

Patatha zaka zisanu ndi zitatu, manijala wa esiteti analembera khonsolo kalata. Ankafuna kugwetsa nkhalangoyo kuti adzalepo tiyi. Anati ndi tchire chabe, mwina muli manda awiri kapena atatu akalekale opanda eni. Womasulira atamaliza kuwerenga ine ndinaimirira osadikira kupatsidwa mpata. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kulembedwa, ndipo womasulira wachifundo uja ankazisandutsa mawu aulemu ine ndikumva. Disi anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati ngati alidi manda okhala ndi eni ake sadzalola kuti akhudzidwe, koma akufuna umboni.

Apa m'pamene anaimirira khansala mnzanga wa pabenchi lathu lomwelo. Anali kapitawo pa esiteti, ndipo m'khonsolo ankaimira anthu okhala m'nyumba za antchito. Koma kwa ine anali woposa mnzanga. Kwathu manda sakumba abale. Amakumba anthu a banja lina amene timawatcha adzukulu, ndipo adzukulu a banja lathu anali akhansala anzangawa. Manda a mwana wanga anakumba ndi iwo. Analowa okha m'dzenje n'kumulandira ali mu mphasa. Mwa mwambo adzukulu amakhala ndi ufulu wokunyoza mmene angafunire iwe osakwiya, ndipo awa ufuluwo ankaugwiritsa ntchito mokwanira. Ankafika pakhonde pomwe ndinkasokera n'kundiyeza ndi maso.

“A telala, nenepani pang'ono basi, musapyoze,” ankatero. “Dzenje lalikulu limandipweteketsa msana.”

Tsiku limenelo m'khonsolo analankhula mofatsa. Anati nkhaniyi njosavuta. Bwana Disi asankhe tsiku apite kuchitundako, banja lililonse lilowe likaime pamanda a m'bale wawo n'kumutchula dzina, kalaliki awerenge. Manda akapezeka ochuluka, esiteti iisiye nkhalangoyo. Ine ndinaona kuti nzeru ndi imeneyo. Disi atafunsa wovomereza, dzanja langa linali m'mwamba kale. Zinalembedwa m'buku kuti maganizowo anabweretsa ndi iwo, wotsimikiza ndi ine.

Pobwerera tinkakankha njinga limodzi pachitunda, ndipo anandigwira paphewa.

“Musade nkhawa achimwene. Ine ndidzatsogola. Mdzukulu akatsegula njira ndani angatsale?”

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga monyadira. Iye anali kusankha nyemba pa lichero, ndipo manja ake anaima.

“Mwavomera kuti anthu akalowe kumanda popanda maliro?”

“Boma lalamula. Ndi masana, pamaso pa aliyense.”

“Bambo, inu mwakulira konkuno. Munthu adzayende molunjika n'kukaima pamanda a zaka khumi, anthu adzati akuwadziwa bwanji? Adzati amabwerako. Ndipo ndani adzaloze manda ndi chala?”

Ankanena zoona zimene ine ndinkazidziwa bwino lomwe. Kwathu kumanda kumalowedwa tsiku la maliro lokha, adzukulu ali patsogolo. Wopezeka mmenemo tsiku wamba amatchedwa mfiti, ndipo dzina limenelo silichoka. Koma ine ndinali wa tchalitchi, wophunzira, khansala, ndiye ndinamukalipira kuti asiye zachikunja. Ndinamuuza kuti adzukulu alonjeza kutsogola.

“Akatsogola,” anatero, n'kupitiriza kusankha nyemba zake.

Milungu iwiri ndinatseka makina n'kumayenda khomo ndi khomo. Paliponse anandiyalira mphasa, anandimvetsera, anavomera. Anthu akwathu sakana munthu amene wakhala pakhonde pawo. Funso linali limodzi lomwelo pakhomo lililonse, lakuti kodi adzukulu adzakhalapo, ndipo ine ndinkalumbira kuti adzakhalapo.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja. Anthu anabwera ndithu, khamu, ena atafunda masaka. Anaima m'kanjira kolekanitsa tiyi ndi nkhalango, palibe amene anaponda tsamba la mkati. Galimoto ya Disi inafika, pambuyo pake ya manijala. Kumbuyo kwa galimoto ya manijala kunatsika adzukulu anga atavala jombo zatsopano ndi jasi lamvula. Ndinadziuza kuti angowanyamula panjira.

“Adzukulu, mwatichedwetsa,” ndinatero moseka. “Tsegulani njira, akufa anu akukudikirani.”

Sanaseke. “A khansala, lero ndabwera ngati wa khonsolo. Moshoni yowerenga mandayi ndinabweretsa ndine. Ndikalowa adzati ndikuphunzitsa mboni.”

Chibadwire anali asananditchulepo kuti a khansala. Ndinawayandikira n'kuwanong'oneza m'Chilomwe kuti azungu asamve. Ndinawakumbutsa zimene ananena pachitunda paja. Iwo ankangoyang'ana jombo zawo.

Disi anati tiyambe. Kalaliki anatsegula buku pansi pa ambulera. Palibe amene anasuntha. Mkulu wina atafunsidwa kumene kuli manda a mkazi wake analoza ndi milomo n'kunena kuti, “Uko.” Kalaliki anafunsa kuti uko kuti, mkuluyo anabwereza kuti uko. Mayi wina wamasiye anaponya phazi kuti alowe, koma mlongo wake anamukoka nsalu n'kumubweza. Maso onse anali pa adzukulu, ndipo adzukulu anali ataima pambali pa manijala manja ali m'matumba.

Ndinayesa kufotokozera Disi m'Chingelezi changa kuti mwambo sulola. Manijala anandidula. Anati njira imeneyi inasankhidwa ndi khonsolo, ndipo wotsimikiza ndinali ine. Disi anatembenukira kwa adzukulu n'kuwafunsa ngati mwambo umenewu ulipodi.

“Kale zinaliko bwana,” anayankha. “Koma anthu a masiku ano ndi Akhristu. Munthu amene ali ndi m'bale mmenemo angathe kulowa.”

Ndinaponya chipewa pansi n'kulowa ndekha. Kumbuyo ndinamva azimayi akuti “Mayo!” koma sindinacheuke.

Mkati munali mdima ndi fungo la masamba owola. Ndinkaganiza kuti ndingolunjika, poti ndi mwana wanga. Koma mitumbira inali itaphwa, mizu itayanga paliponse, zigoba za miphika ndi mbale zakale zili mbwee pansi pa masamba. Ndinkakumbuka mtengo wa msuku, ndipo misuku inalimo yambiri. Tsiku la maliro ndinali nditagwiridwa ndi amuna awiri, maso odzaza misozi, sindinaone kumene ankanditengera. Chiyambire tsiku limenelo ndinali ndisanapondemonso, monga munthu aliyense wolongosoka. Ndinazungulira kawiri, katatu. Disi ndi kalaliki anali atafika m'mphepete n'kumandiyang'ana.

Ndikanatha kunama. Ndikanaima pa kadzenje kalikonse n'kutchula dzina, ndipo kalaliki akanalemba. Mwina ena akanalimba mtima n'kunditsatira. Ndaganizira zimenezi zaka zambiri. Koma pa nthawiyo sindinathe kuima pamanda a mwini wake n'kuwatcha a mwana wanga. Ndinatsamira mwala waukulu umene unali pakati pa nkhalangoyo n'kukuwa.

“Adzukulu! Munakumba ndinu! Munalowa m'dzenje ndinu! Mwana wanga ali pati?”

Anafika pamene panaima Disi, moti tinkaonana bwinobwino.

“Papita nthawi, a khansala. Ndakumba manda ambiri ine. Sindingakumbuke.”

Kalaliki anatseka buku lake. Pamsonkhano wotsatira anawerenga kuti palibe munthu ngakhale mmodzi amene anaonetsa manda. Disi anapereka mwezi umodzi kuti wofuna kufukula m'bale wake akafukule, ngati kuti alipo akanagwira khasu. Ine ndinaimirira n'kuwatchula adzukulu mawu amene womasulira anakana kumasulira, ndipo amesenjala awiri ananditulutsa panja. Mitengo inagwetsedwa chilimwe chomwecho. Ng'ombe zinaikokera ku fakitale, kumene inakhala nkhuni zoumitsira tiyi.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anthu sanawade adzukulu aja. Akanawada bwanji, poti chaka chisanathe anali kapitawo wamkulu, wolemba ndi kuchotsa anthu ntchito, wokhala m'nyumba ya njerwa? Anadana ndi ine. Ine ndi amene ndinayenda m'makomo, ine ndi amene ndinalumbira, ndipo ine ndi amene anandiona ndikuzungulira m'manda popanda maliro. Nsalu zinasiya kubwera pakhonde panga. Azimayi amene ndinawasokera madiresi a ukwati ankapita kwa telala wa kutali ku Thekerani. Nthawi yanga ya ukhansala itatha palibe anandipempha kuti ndipitirize. Mkazi wanga sananenepo kuti ndinakuuzani, ndipo bola akananena.

Zinthu zitathina pakhomo, iye anakalembetsa ntchito yothyola tiyi. Patapita zaka zinayi gulu lake linatumizidwa kuchitunda kuja, tiyi watsopano atakula. Madzulo ake anabwera, anatula dengu, anakhala pansi osasamba n'komwe.

“Ndakumana ndi adzukulu anu,” anatero.

Ndinati sindikufuna kumva.

“Mumva. Anandipeza pamzere n'kundiitanira pambali. Pali mtengo umodzi wa tiyi umene sauthyola, ndi wautali kuposa anzake. Akuti anauza anthu awo kuti asamaukhudze. Akuti pamenepo ndi pa mwana wathu.” Anapukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu. “Akuti ndikuuzeni kuti sanaiwale.”

Ndikuganiza kuti adzukuluwo ankayembekeza kuti ndithokoza.

Lamulungu, anthu ali ku tchalitchi, ndinawoloka mtsinje n'kukwera chitundacho. Tiyi anali wosalala ngati tebulo kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo mtengowo unkaonekera patali, utatumphuka wokha mpaka pachifuwa panga. Mwala waukulu uja unalipobe, anaulephera kuuchotsa. Ndinatsamira pamene ndinatsamira tsiku lija, kenako ndinayenda ndikuwerenga. Anali mapazi anayi. Tsiku limene ndinkakuwa m'chiperoni ndinali mapazi anayi kuchokera pa mwana wanga, adzukulu akundiona, ndipo sanafunikire ngakhale kutulutsa dzanja m'thumba. Akanangoloza ndi milomo.