Bokosi Linadikira Tsidya Lino

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka kwenikweni, chifukwa ndinangotsamira mtengo wa mango panja pa siwa maso n'kutsinzina okha. Amayi a ku mpingo anali ataimba usiku wonse ndipo mawu awo anali atasasa. Zikuni zomwe amunafe tinkaotha zinali zitasanduka phulusa. M'nyumbamo munagona mlongo wanga Felesiya, chitsirizira m'mimba mwathu, m'bokosi lomwe tinabwera nalo kuchokera pa Boma dzulo lake.

Choyamba chomwe ndinachita chinali kuyang'ana ku phiri la Michesi. Chizolowezi chimenechi anandipatsa ndi iyeyo. Phiri linali mbee, nyenyezi zili pamwamba pake, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono, poti unali mwezi wa Febuluwale ndipo manda athu ali tsidya lina la mtsinje.

Felesiya anali mu fomu 2 pamene napolo anatsika m'phirimo n'kukokolola theka la mudzi wathu. Bambo athu anapita ndi madzi amenewo, mtembo wawo sitinaupeze mpaka lero. Mwanayo anakula ndi funso limodzi: bwanji panalibe wotichenjeza? Anapita ku yunivesite, anagwirako ntchito, kenaka anapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri kunja, ya kathanidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ine, wokonza njinga pamsika, ndinkamuseka. Ana a anzathu akuphunzira udokotala, iwe wapita kukaphunzira tsoka, ngati kuti kwathu kuno tsokalo likusowa! Iye ankangoseka n'kukwera pa keliyala ya njinga yanga.

Kafukufuku wake anadzachitira konkuno. Miyezi isanu ndinamupalasa m'tinjira ta m'munsi mwa phiri, ndikudandaula za matayala anga. Anapachika chitsulo cha gudumu la lole pamtengo m'mudzi wa kumtunda, napempha mkulu wina wodula nkhuni kuti azichiliza akaona mtsinje wayamba kulusa. Mudzi wapakati ukamva, nawo unkaliza chawo. Ine ankandiimika powolokera ndi wotchi m'manja, kuti ndiwerenge mphindi kuyambira pamene chitsulo chalira mpaka madzi atafika. Kanayi konse zinatuluka pafupifupi mphindi makumi awiri. Anazilemba m'kope lachikuto chofiira. Anadwala asanamalize kulemba buku lake, ndipo matendawo sanachedwe naye.

Kutacha, moto unayaka m'mafuwa kuseri kwa nyumba, utsi wa nkhuni zaziwisi n'kudzaza bwalo lonse. Adzukulu anawoloka ndi makasu awo kukakumba. Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi kuchokera cha ku Fort Lister atasenza mitolo ya nkhuni ndi mitanga ya chinangwa. Minibasi inatsitsa anzake a kusukulu atavala nsapato zosadziwa matope. Amayi okalamba ankalowa m'siwa akulira m'Chilomwe, akumutchula dzina lake laubwana lomwe ine ndinali nditaliiwala. Pamenepo ndi pomwe ndinalira koyamba, pamaso pa anthu, ndipo sindinachite manyazi.

Pofika masana, mtambo wakuda unali utakhala pamutu pa phiri. Kwathu kuno dzuwa linkaswa mtengo. Abusa analalikira, mmodzi wa anzake aja anafotokoza za maphunziro ake m'Chingerezi chambiri, anthu n'kumangogwedeza mitu mwaulemu. Ine maso anali kuphiri. Tinanyamuka itadutsa wani koloko, bokosi patsogolo, nkhata pambuyo pake, mzere wa anthu utatalika moti omaliza anali asanachoke pabwalo pamene oyamba ankayamba kutsetsereka kumtsinje.

Apo ndi pomwe chitsulo chinalira. Chinamveka patali, pansi pa nyimbo, koma ine khutu langa linachizolowera. Ndinayang'ana madzi. Anali olekeza m'kakolo, koma atasanduka ofiira, ndipo pamwamba pake pankayandama masamba aawisi. Felesiya ankati madzi opha anthu sagwa pamudzi, amagwa kuphiri.

"Imani!" Mawu angawo anandidabwitsa ine ndemwe. Nyimbo inaduka pakati.

Amalume, omwe ndiwo mwini mbumba yathu, anabwera akupalasa anthu ndi ndodo. "Iwe, wazungulira mutu? Timadzi tolekeza m'kakolo iti? Dzuwali sukuliona? Maliro sabwerera kumudzi, ndipo dzenje lokumba siligona lopanda mwini wake."

"Amalume, onyamula bokosi awoloka bwinobwino. Nanga amayi ali kumbuyoku ndi ana kumsana? Anthu onsewa sangathe kuwoloka m'mphindi makumi awiri."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo amalume pagulu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndinamva wina kumbuyo akuti zasukulu zisalowe pamaliro. Tsidya linalo adzukulu anali atatulukira pagombe, akutikodola ndi manja kuti tifulumire.

Amayi athu, omwe chimwalirire Felesiya anali asanayankhule mawu omveka, anachotsa dzanja la mayi yemwe ankawagwiriza. "Achimwene," anatero kwa amalume, "madzi awa ananditengera mwamuna, ndilibe pokalirira. Uyu ndikufuna ndidziwe pomwe wagona. Msiyeni apume kaye, anayenda kwambiri mwanayu."

Amalume anatembenukira kumtunda. Tinabwerera pang'ono kukwera pachitunda pomwe pali mtengo wa mkuyu. Bokosi silikanakhala padothi, choncho azimayi anayamba kumasula zitenje zawo zapamwamba n'kumayala. Zina zinali za mpingo, zina za zipani, zachikasu ndi zabuluu ndi zobiriwira, za anthu omwe nthawi ya kampeni sapatsana moni. Zonse zinasanjikizana pansi pa mlongo wanga. Tinakuwira adzukulu kuti achoke pagombe.

Ndinavula wotchi n'kuigwira m'manja. Mphindi khumi zinatha. Makumi awiri anatha, mtsinje uli phee. Amalume anandiyang'ana kamodzi kokha, koma kuyang'ana kwake kunandikwanira. Makumi atatu atakwana, anyamata ena anaimirira n'kumakunga malaya kuti anyamule bokosi, ndipo ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. Mumtima ndinkamukalipira: Felesiya iwe, digiri yonse ija, wandiimitsa pamaso pa anthu ndi masamu olakwika?

Tinayamba ndi kumva phokoso, ngati chigayo chikulira patali. Kenaka fungo la matope. Kenaka madziwo anatulukira pokhota, atanyamula nthochi zathunthu ndi miyala ikugundana pansi. Powolokera paja, pomwe mzere wathu ukanakhala uli pakati, panamira m'kuphethira kwa diso. Mayi wina anakhala pansi n'kumasula mwana kumsana, n'kumukumbatira. Wotchi inkati mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri chilirire chitsulo chija.

Tinakhala pansi pa mkuyuwo mpaka cha m'ma folo koloko. Kwathu mvula sinagwe ngakhale dontho. Madzi atatsika kufika m'mawondo, amalume ndiwo anayamba kulowa, akufufuza miyala ndi ndodo yawo, ndipo atafika pakati anandiitana kuti ndigwire bokosi kumutu. Okalamba ndi a ana aang'ono anatsala tsidya lino. Tinamuika dzuwa litapendeka. Amayi anaika nkhata yawo, n'kugwira dothi la pamandapo ndi manja onse awiri kwa kanthawi.

Madzulo anthu anabalalika, alendo anathamangira minibasi yomaliza. M'mafuwa munatsala phulusa, pachingwe panayanikidwa zitenje zamatope zomwe eni ake anaziiwala. Amayi anakhala pakhonde, ine pampando pafupi nawo, nyumba ili zii.

Kusanade, panafika mkulu wodula nkhuni uja, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Anagwada patali n'kuvula chipewa. "Pepani amayi, sindinaoneke pamaliro. M'mawa ndinavala kale jekete kuti ndizibwera, koma nditaona mtambo uja ndinati aphunzitsi athu a Felesiya akanakhalapo sakanalola kuti ndichoke pachitsulo." Amayi anandiuza kuti ndimupatse mpando wanga.

Atakhala, anazunguza chipewa m'manja, n'kufunsa motsitsa mawu kuti tsopano akaliza chitsulo, nthawi yake aziuza yani.

Ndinalowa m'chipinda cha Felesiya. Kope lofiira linali pamwamba pa katoni ya mabuku ake, pensulo ili mkati pomwe analekezera. Pansi pa manambala ake anayi panali mizere yopanda kanthu mpaka kumapeto kwa tsamba. Ndinatuluka nalo pakhonde, n'kulemba 37 ndi zilembo zanga zokhotakhota za wokonza njinga, mkuluyo akuyang'ana.

"Muziuza ine," ndinatero.