Fumbi lakuda lomwe linatsala pang'ono kundiphera alamu

Anzanga, ndikamanena nkhaniyi ena amati ndikuwonjezera, koma chipsera chili pamkono wangachi sindinachite kujambula ndi penti ayi. Zinandichitikiradi ineyo konkuno ku komboni ya Maramba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Nthawi imeneyo ndinkapopera penti magalimoto m'kashedi ka malata momwe tinkagwiramo ntchito ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, iwo kuwongola zitsulo, ine kupenta. Tsiku lina kunabwera mzungu wina amene anadzawona mathithi a pa Zambezi, akukankha njinga yamoto yomwe anagwa nayo mumsewu wa ku eyapoti, chikuto cha mbali imodzi chitakalika moipa. Anatiuza kuti chikutocho si chitsulo kapena pulasitiki koma kaboni faiba, ife n'kugwedeza mitu ngati akatswiri, poti faiba tinaizolowera kale pomata maboti a pa Zambezi. Nanga faiba si faiba basi?

Titachichotsa panjingapo n'kupala penti wakale tinapeza kuti pansi pake pali chinthu cholukaluka, chakuda, chonyezimira ngati chikopa cha njoka. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa pafupi nafe atachiwona analavula malovu pansi, amvekere ba penta ichi chinthu ni cha mankhwala, bwezani kwa mwine wake. Alamu anga, munthu wosamva za mnzake, anangoseka n'kutenga makina opalira, fumbi lakuda koboo m'shedi monse, mpaka m'mphuno ndi m'makutu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuwulutsa mchenga, ndiye kuti penti asadetsedwe tinatseka mipata yonse ndi masaka, chitseko n'kuchimanga ndi waya cham'kati, monga amachitira wopenta aliyense. Ndinasakaniza penti ndi thina, madzi osungunulira penti osachedwa kuyaka aja, fungo lokhalokha m'shedimo, alamu n'kupita kukayatsa kompuresa, makina amagetsi opopera penti.

Mota ya kompuresayo inangolira kamodzi, kenaka ndinawona kamoto kabuluu kakuthetheka, alamu n'kuponyedwa chagada, chitini cha thina phuu! Masaka aja onse n'kugwira moto. Ndinaitana alamu koma anali atakomoka. Nditathamangira kuchitseko ndinapeza moto wafika kale, waya uja wosagwirika. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: ngati alamu afera muno, mlongo wanga ndikamuyang'ana ndi maso ati?

Phazi langa linapunthwa pa hamala yawo yaikulu yowongolera zitsulo. Ndinaitola n'kuyamba kumenya lata lakumbuyo ngati wamisala, mpaka misomali inazuka, kuwala n'kulowa. Ndikanatha kutulukira pomwepo, koma ndinabwerera chokwawa muutsimo, kupapasa pansi mpaka ndinagwira nsapato. Alamu anga si munthu wamng'ono, anthu awiri amavutika kuwadzutsa pampando, koma tsiku limenelo ndinawakoka ndekha mpaka panja, mkono wanga ukupsa pa lata lotentha ine osamva n'komwe. Anthu anathamanga ndi mafosholo n'kukwirira motowo ndi mchenga. Alamu atakhosomola n'kutsegula maso, mukuganiza anayamba n'kundithokoza? Anafunsa kuti ndani wandipatsa chilolezo chogwira hamala yawo! Ndinakhala pansi, kuseka ndi kulira pamodzi.

Maramba yonse inagwirizana kuti njoka ija yabwezera. Koma mkulu wina wokonza zamagetsi atatsegula mota ya kompuresa anapeza mwadzaza fumbi lakuda lija, n'kutiuza kuti m'fumbi limeneli magetsi amadutsa ngati mu waya, pomwe m'fumbi la faiba ya maboti sadutsa. Chikutocho anthu anali atachikokera kunja pa bowo lomwe lija, chitangoda ndi utsi, ndipo ine ndinakana kuchibweza chosapenta. Ndinachipala ndi sandipepa wonyowa pansi pa mtengo wa mango, fumbi n'kumatsikira m'madzi, kenaka ndinabwereka kompuresa ina n'kuchipopera penti wofiira, mkono uli m'bandeji. Mwini wake anazungulira njingayo kawirikawiri, osatha kuloza mbali yomwe inakalika, ndipo ataililitsa kulowera ku komboni ya Linda ana onse anaithamangira akukuwa.

Lero ndimakhulupirira kuti panalibe mankhwala a munthu, linali fumbi basi, ndipo mphamvu zokokera chimunthu chonsecho anandibwereka ndi Mulungu. Inu opentanu, chinthu chachilendo musamachipale chouma pafupi ndi magetsi chifukwa choti dzina lake likufanana ndi chomwe mukuchidziwa, ndipo chitseko musamachimange cham'kati ngakhale mchenga uvute bwanji. Penti akadetsedwa mumapalanso mawa, koma ine ndinatsala pang'ono kumuveka mlongo wanga zakuda.