Mudzi wa agogo sunamire m'dambo

Adada, dzulo ndinakukumbukirani pa depoti ya Jenda. Mnyamata wina wovala suti yonyezimira amalalikira kuti kudambo la kwathu, kuseri kwa Champhira, kunamira mudzi wonse chifukwa cha machimo. Akuti usiku pamamveka misi ikusinja pansi pa madzi. Anthu n'kumawomba m'manja! Munthu woti dambolo sanalipondepo, nsapato zake sizidziwa n'komwe matope.

Ndinakumbuka tsiku lija munanditengera komweko nditabwera kuchokera kusukulu ndi nthano yomweyi. Munakumba pachulu ndi khasu n'kundipatsa phale la mphika. Munati: “Mwana wane, madzi ofika m'mawondo angameze mudzi? Inali nthomba, zaka zomwe azungu ankangofika kumene. Anthu ankafa osowa owaika. Amama anatuluka muno ali kumbuyo kwa azakhali awo, ena onse anatsala. Mbwenu oyandikana nawo, omwe anakana ngakhale kuwatungira madzi, anayamba kunena kuti Mulungu wawamiza.” Munalavula pansi, ndipo ulendo wonse wobwerera munkanditchulira mayina a anthu amene anafera m'mudzimo.

Dzulo ndinamufunsa mlalikiyo kuti anditchulire dzina limodzi la munthu amene anamira. Anati ndili ndi chiwanda. Ndinaseka mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndili bwino. Kenako m'basi ndinalira, chifukwa mayina aja munkawatchula onse pamtima, koma ine ndatsala ndi la agogo lokha. Ndinkayesa mudzakhalapo nthawi zonse kuti ndidzakufunseninso. Gonani bwino, adada.