Dzina Lachitatu pa Chikalata

Bambo a nyumba ya pakona, amene anakalambira mu ofesi ya maloya, sayang'ana denga kapena zitseko munthu akati akugulitsa nyumba. Amavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kutambasula dzanja: "Mapepala." Amakonda kunena kuti fayilo ilibe miyendo, imayenda ndi mwini wake.

Mwezi watha telala woyandikana nawo anawaitana kuti adzaone penti watsopano pa nyumba imene ankagulitsa. Wogula anali atapezeka kale, ndipo ankafuna kulowa mvula isanayambe. Iwo anangokhala pakhonde, chala chikuyenda pang'onopang'ono pa chikalata cha nyumbayo.

"Eni ake ndi atatu apa: malemu mayi ako, iwe, ndi mlongo wako. Mlongo wakoyu akudziwa?"

"Sitilankhulana chimwalirireni mayi," anatero telala, maso ali pansi. "Adzasaina kumapeto, zonse zikatheka."

Mkuluyo anaziona kambirimbiri zoterezi: fayilo kugona chaka chathunthu pashelefu, wogula n'kutopa, n'kupita kwina. Sanakangane naye. Anatenga foni ya telalayo, nafufuza nambala ya mlongoyo, n'kumupatsira ikuitana kale.

"Penti amauma tsiku limodzi, mwanawe, koma chilonda cha mlongo sichitero. Yamba ndi moni."