Mapepala a Dona Khwatcha

Lachitatu, 17 Disembala. Ndakhala pa khonde la azakhali a Lusiya kuno ku Chiwanga. Ndangochoka pa thandala pomwe tinali kutembenuza usipa.

Ndinachoka mu Febuluwale. Sukulu ndinkaifuna, koma makaderno olembamo ndi yunifomu kunyumba zinkavuta. Msuweni wanga wa ku Lichinga anati kuli malo pa shopu ya fotokopi, mmawa ntchito, masana kalasi. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe, ine amene ndimachita manyazi ngakhale kuitanitsa mchere. Pokwera shapa, minibasi ya kuno, ku Metangula azakhali anangoti, "Kumeneko kumazizira, usakadzionetse ukatswiri wosavala juzi."

Kunazizira zoona. Malipiro anali ochepa, theka ndinkatumiza pa foni kuti agule sopo ndi mafuta. Mauthenga anga onse ankati ndili bwino, ngakhale Lamulungu lina ndinalira kumsika nditamva mayi wina akutsatsa usipa ndi kalankhulidwe ka kwathu.

Mu Okutobala a profesora athu a Chingelezi anabweretsa mapepala oti ndiwakopere. Pa tsamba loyamba panali chithunzi cha mzungu wa tsitsi lalifupi. Ndinatsala pang'ono kugwetsa chivundikiro cha makina! Nkhope imeneyo ili pa khoma la azakhali. Ndi mayi wa ku Australia amene anakhala chaka chathunthu m'nyumba yawo ya alendo ine ndisanabadwe. Anthu ankamutcha Dona Khwatcha, chifukwa ankalemba mzere umodzi n'kukhwatcha itatu. Mpaka lero mwana akadetsa kaderno amati watengera Dona.

Ndinadzikakamiza kulankhula, ndinawauza kuti mayiyo anakhalapo kwathu. A profesora anakhala pansi pa katoni ya mapepala. "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukunenachi?" Anandifotokozera kuti buku limene Dona analemba kunyanja osindikiza analikana kangapo, kenako linatuluka atalidula kwambiri, ndipo anthu sanalilabadire. Iye atamwalira ndi pamene anayamba kulitama, ndipo tsopano amaliphunzitsa m'mayunivesite. Laibulale ina ya kwawo ikufunafuna zolemba zake zoyamba za pamanja, makamaka zokhwatchazo, kuti aone zimene zinachotsedwa.

Ine ndinkadziwa kuti Dona anasiya thiranki kwa azakhali. Miyezi iwiri yonse ndinkangoganiza chiswe.

Dzulo nditafika sindinavule n'komwe nsapato. Azakhali anaseka: "Wabwerera ine kapena thiranki?" Anaikoka pansi pa bedi, natulutsa makaderno asanu ndi anayi okutidwa bwino. Nditatsegula, mtima unagwa. Zilembo zoongoka za kumishoni, zopanda kokhwatcha ngakhale kamodzi. Dzanja la azakhali.

"Ndinamukopera onse," anatero monyadira. "Nyengo zitatu za mvula. Chingelezi sindichimva, ndinkangotsata chilembo ndi chilembo. Ndimati akadzabwera asadzachite manyazi."

"Nanga ake aja, azakhali?"

"Onyansa aja? Alipo pansipo, m'pulasitiki. Katundu wa mlendo satayidwa."

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pa khonde. Onse alipo, mapepala ofiirira, chiswe chinangolawa ngodya imodzi. Koma nditanena kuti a ku Australia akufuna amenewo, nkhope yawo inasintha.

"Ayi. Munthu anamwalira, ife tikamuyalutse kwawo kuti sankatha kulemba? Anadya m'mbale mwanga ameneyo. Tumiza oyerawa."

Ku Lichinga ndinkaganiza kuti kwathu kuno palibe wosamala za mabuku. Koma mayi uyu anapsa maso zaka zitatu pa chilankhulo chosachimva, pongofuna kuphimba mnzake. Ndingawauze bwanji kuti ntchito yawoyo siikufunidwa? Komanso mapepala enieniwo akatsala m'thiranki, tsiku lina chinyezi chidzawamaliza, ndipo palibe adzadziwe zimene Dona analemba poyamba.

Lero mmawa iwo atapita ku pemphero la amayi, ndinatenga tsamba limodzi lokhwatchidwa kwambiri n'kuliloza kudzuwa. Pansi pa mizere ya inkiyo mawu akuoneka. Ndinawerenga pang'onopang'ono ndi dikishonale yanga, ndipo ndinapeza dzina: Lusiya. Tsamba lotsatira, Lusiya. Linanso, Lusiya! Dona akufotokoza mmene azakhali anamuphunzitsira kuona mphepo ya mwera isanafike, ndi mmene anagonera pambali pake sabata imene iye anadwala malungo. Buku losindikizidwa lija ndinaliwerenga movutikira kwa a profesora, ndipo mulibe zimenezi. Azakhali pokopera ankalumpha chilichonse chokhwatchidwa, ndiye anadzilumpha okha osadziwa.

Ndaseka, ndalira, ndapsereza ndiwo. Azakhali atabwerako n'kundifunsa chavuta n'chiyani ndinati utsi.

Sindiwakakamiza, amene anasungitsidwa thirankiyo ndi iwo. Koma mawa tikatha kuyanika usipa, ndiwakhazika pa mphasa, ndiloze tsamba lija kudzuwa, ndiwawerengere m'Chinyanja mzere ndi mzere zimene Dona analemba za iwo. Ndikamaliza ndikhala chete, anene okha mapepala amene tikatumize.